Paipi Imene Ndidakwirira



Sabata ino mawu olingalira agwera ine, ndipo ndasankha kukusimbirani nkhani imene ndakhala ndikuizemba kwa zaka zingapo. Ambiri a inu mukudziwa kuti ndidakhalako ku Joni. Mukandifunsa za ntchito imene ndinkagwira kumeneko, ndimangoyankha kuti idali ya zomangamanga, kenaka n'kusintha nkhani. Yankho limenelo si labodza, koma ndi loperewera. Ndinkagwira ntchito m'gulu la anthu omanga maiwe osambiramo kuseri kwa nyumba za anthu ochita bwino, ndipo pa dziwe langa loyamba ndidachita chinthu chimene chidandiphunzitsa za Sakramenti la Kulapa kuposa zonse zimene ndidaloweza ku Tilitonse.

Chidali chaka cha 2019, mwezi wa July, nyengo imene ku Johannesburg kumazizira kwambiri koma mvula siigwa. Omanga maiwe amaikonda nyengo imeneyi chifukwa dzenje silidzaza matope, komanso eni nyumba amafuna kuti dziwe likhale litatha kutentha kwa October kusanafike. Nyumba yake idali m'dera lina la kumpoto kwa mzindawo. Dziwe lidayenera kukhala la mamita 8 m'litali ndi mamita 4 m'lifupi, ndipo kuya kwake, tikalinganiza mbali yosaya ndi mbali yozama, kudali mita imodzi ndi theka. Kapitawo wathu adayeza malo, nakhoma zikhomo, namanga chingwe ndi kuwaza laimu pa kapinga. Popeza kanjira ka m'mbali mwa nyumba kadali kopanikiza, makina okumbira sadathe kulowa. Choncho dzenje lonselo tidalikumba ndi manja, anthu 6, piki, fosholo ndi wilibala, kwa masabata atatu athunthu. Dothi lake lidali lofiira ndi louma gwa, ndipo mausiku oyamba ndinkalephera kufumbata dzanja pofuna kuchita chizindikiro cha mtanda.

M'gulumo mudali bambo wina wachikulire wochokera ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, dera limene lachita malire ndi Dedza ndi Ntcheu. Tonse tinkangowatchula kuti Madala. Atandimva ndikudziyankhulira ndekha m'Chichewa tsiku loyamba, adaseka nati, "Kodi ndiwe mwana wakwathu?" Kuyambira pamenepo adanditenga ngati mwana wawo. Adandiphunzitsa kagwiridwe ka piki kosathyola msana, ankandigawira ndiwo masana, ndipo kapitawo akalankhula Chingerezi chothamanga, iwo ankandimasulira monong'ona. Ntchito yawo yeniyeni idali ya mapaipi, ndipo pa ntchito imeneyo adali atakhala zaka zoposa zanga zakubadwa.

Dzenje litatha, tidayala zitsulo pansi ndi m'mbali monse, n'kuzimanga ndi waya mpaka dzenjelo lidaoneka ngati dengu lalikulu. Kenaka kudabwera anthu ena ndi makina opopera konkire yotchedwa gunite, imene imatuluka m'paipi yaikulu ndi mphamvu ya mpweya n'kumamatira pa zitsulo. Konkireyo itagwira, ine ndidapatsidwa ntchito yoithirira madzi kangapo pa tsiku kwa sabata yathunthu, chifukwa konkire youma mofulumira imang'aluka. Nthawi imeneyi Madala adali kalikiliki m'ngalande yochokera pa dziwe kukafika pa kanyumba ka pampu. Adandifotokozera kuti madzi a m'dziwe saloledwa kugona, pakuti akagona amabiriwira ndi ndere. Pampu imawakoka kudzera pa kakhomo ka m'mphepete, n'kuwapititsa m'sefa ya mchenga, kenaka n'kuwakankha kubwerera m'dziwe kudzera m'paipi ina. Mapaipi ake adali a PVC, a mamilimita 50, ndipo polumikiza paliponse Madala ankapala, n'kupukuta, n'kupaka guluu, n'kugwira kwa kanthawi osalankhula ndi munthu.

Atamaliza adatseka mapaipi onse kumapeto, nawadzaza madzi, nawapopera mphamvu, n'kuikapo geji. Singano ya gejiyo idaima malo amodzi osatsika. Kapitawo adaona ndi maso ake, navomereza, ndipo zotsekera zidachotsedwa kuti tiyambe kukwirira. Tsiku limenelo Madala adandiuza mawu amene ndidawamva ngati nkhambakamwa chabe. Adati, "Mwanawe, mwini nyumba adzaona matailosi ndi madzi basi. Zonse zimene zimasunga madziwo zidzakhala pansi, ndipo odziwa za pansipo ndife."

Lachisanu lotsatira, dzuwa litapendeka, kapitawo adandituma kukumba kangalande kakang'ono kodutsamo waya wa nyali ya m'madzi. Kangalandeko kankadutsa pamwamba pa ngalande ya Madala, imene tidali titakwirira kale. Adandichenjeza kuti pamenepo ndigwiritse fosholo. Koma ine ndidali nditatopa, dothi lidali litatsenderedwa, ndipo ndinkafuna kuweruka msanga. Ndidakweza piki. Itagwa kachitatu, kulira kwake kudasintha. Ndidagwada, n'kufukula ndi zala, ndipo ndidaona mng'alu wotalika ngati chala changa chamkombaphala pa paipi yobwezera madzi m'dziwe. M'paipimo mudalibe madzi oti n'kutumphuka ndi kundiulula. Anzanga onse adali kumaso kwa nyumba, akutsitsa njerwa m'galimoto.

Ndikufuna muone bwino zimene zidayenda m'mutu mwanga, chifukwa sizidali zachilendo. Ndidali nditagwira ntchito miyezi iwiri yokha. Ndalama ya ulendo ndidali nditabwereka kumudzi, ndipo ngongoleyo idali isanathe. Amayi ankayembekezera kuti mwezi ukatha nditumiza kangachepe ka feteleza. Pa mphambano za misewu ya mzindawo m'mawa uliwonse pankaima anyamata ambirimbiri odikira ganyu, ndipo ndinkadziwa kuti kapitawo sangavutike kupeza wina wogwira piki. Ndidadziuza kuti mng'aluwo ndi waung'ono. Ndidadziuza kuti dothi liutseka. Ndidatenga mphira wa chubu chakale cha wilibala, n'kukulunga paipiyo mwamphamvu monga timangira katundu pa njinga, n'kubwezera dothi, n'kupondaponda. Ntchito yonseyi sidatenge mphindi zisanu.

Masiku otsatira tidayala njerwa kuzungulira dziwe, ndipo njerwa zina zidagona pamwamba penipeni pa chinsinsi changa. Tidaika matailosi m'mphepete, kenaka amisiri adazira m'kati monse ndi pulasitala yoyera yotchedwa marbelite, yopangidwa ndi simenti yoyera ndi mwala wa mabo wopera. Akangomaliza kuzira, madzi amatsegulidwa ndipo satsekedwa mpaka dziwe litadzaza, chifukwa akaima pakati amasiya mzere pa khoma. Adathira kwa masiku awiri, usana ndi usiku. Nditakhala pa wilibala ndidawerengera: 8 kuchulukitsa ndi 4, kuchulukitsanso ndi 1.5, ndiye kuti malita 48,000. Zimenezo ndi ndowa 2,400 za malita 20, zonga zimene amayi amasenza pochokera ku mjigo. Banja lotunga ndowa 10 pa tsiku lingathe miyezi 8 lisanamalize madzi amenewo. Pomaliza tidaimika mpanda wachitsulo wa mita 1.2 ndi chitseko chodzitseka chokha, monga malamulo a zomangamanga a ku South Africa afunira pofuna kuteteza ana kuti asamire. Tikulongedza zida, ana a pa nyumbapo adali akulumphira m'madzi ndi chimwemwe, ndipo ine ndidapuma mpweya waukulu poganiza kuti nkhani yatha.

Koma akuluakulu adati mlandu suola. Patatha masabata awiri mwini nyumba adaimba foni kuti madzi akutsika. Kapitawo adayamba wayankha kuti ndi dzuwa, pakuti dziwe lililonse limataya mamilimita angapo pa tsiku nyengo yotentha. Atapita adachita mayeso osavuta amene aliyense angathe kuchita. Adaika ndowa ya madzi pa sitepe ya m'dziwe, nalemba chizindikiro pamene madzi alekeza m'ndowamo ndi pamene alekeza m'dziwe. Dzuwa limamwa madzi a m'ndowa ndi a m'dziwe mofanana, choncho ngati dziwe latsika kuposa ndowa, ndiye kuti penapake pakudontha. M'mawa mwake dziwe lidali litatsika masentimita 2 kuposa ndowa. Masentimita 2 amamveka ochepa, koma pa dziwe la msinkhu umenewo ndi malita 640, ndowa 32 tsiku lililonse, kulowa m'nthaka popanda womwa kapena wosamba. Atabwereza mayesowo pampu ili chozimitsa, madzi sadatsike kwambiri. Pamenepo adadziwa kuti vuto lili m'paipi yobwezera madzi, imene imalandira mphamvu ya pampu.

Kapitawo sadafunse zambiri. Adaitana Madala pamaso pa tonse, nawauza kuti guluu wawo walekeza penapake, kuti maso awo akalamba, ndi kuti kampani idzataya ndalama zambiri pofukula njerwa zonse kufunafuna podontha. Madala adayankha modekha kuti geji idaima, ndipo bwanayo adaiona. Kapitawo adati geji siithandiza kanthu pamene madzi akuthawa. Adawadula malipiro a sabata imeneyo, nawauza kuti akhale kunyumba mpaka adzawaitane. Ine ndidali chiimire pamenepo, fosholo ili m'manja. Madala adatola chikwama chawo cha zida, nandiyang'ana kamodzi, n'kutuluka pa geti. Pakamwa panga padali pouma, ndipo sindidanene kanthu. Nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu ine ndikuona.

Abale anga, ndalingalira kwambiri za masiku amenewo, ndipo ndazindikira ichi. Kuphonya kwa piki kudali ngozi yobwera ndi ulesi pang'ono. Mmisiri aliyense adaswapo kanthu. Tchimo lidayamba pamene ndidatenga mphira uja. Lidakula pamene ndidayala njerwa pamwamba pake. Lidafika pachimake tsiku limene ndidatseka pakamwa munthu wosalakwa akuchotsedwa ntchito. Pa sitepe iliyonse kunena zoona kunkakwera mtengo, ndipo kukwera mtengo komweko ndiko kunkandipatsa chifukwa chatsopano chokhalira chete.

Ntchito yofukula idachedwa chifukwa tidali titayamba kale dziwe lina, ndipo mwini nyumba ankangowonjezera madzi. Tsiku lina adandituma kukatenga zida zimene tidasiya pa nyumba ija. Mvula idali isanagwe, ndipo kapinga yense adali wofiirira, kupatula kachigawo kamodzi m'mphepete mwa njerwa, pafupi ndi kanyumba ka pampu. Pamenepo kapinga adali wobiriwira ngati wa kudambo. Munthu wina aliyense akadangodutsa. Ine ndidaima ngati ndaona manda. Usiku umenewo, ndi mausiku ena otsatira, ndinkati ndikagona ndimve madzi akudontha.

Mneneri Yeremiya, pa mutu 2 ndime 13, amadzudzula anthu ake pa zoipa ziwiri: kusiya Mulungu amene ndiye kasupe weniweni, ndi kudzikumbira zitsime zong'aluka zimene sizisunga madzi. Ndidaimva ndimeyi kangapo ndili mwana, koma ndinkaiona ngati nkhani ya mafano a anthu akale. Ku Joni ndidaimvetsa ndi thupi langa. Chitsime changa chong'aluka chidali ntchito ija. Ndidaikhulupirira kuti ndiyo idzandisunga, mpaka ndidalolera kupereka choonadi ndi mbiri ya munthu wina kuti ndisaitaye. Ntchitoyo ndidali nayobe, malipiro ndinkalandira, koma mtendere unkatsika tsiku ndi tsiku. Ndinkapita ku Misa, koma nthawi ya Ukaristia ndinkakhala pa benchi n'kumayang'ana pansi.

Loweruka lina madzulo, patatha masabata atatu Madala ali kunyumba, ndidapita kukalapa. Wansembe wake adali wachikulire, ndipo ndidalapa m'Chingerezi changa chodukaduka. Ndidanena kuti ndidawononga katundu wa kuntchito n'kubisa. Ndidaima pomwepo, ndikuyembekeza kuti andipatsa mapemphero angapo ndizipita. Iwo adafunsa funso limodzi: kodi pali wina amene wavutika chifukwa cha zimenezi? Ndidasimba za Madala. Adakhala chete pang'ono, kenaka adandiuza kuti Mulungu andikhululukira ndi mtima wonse, ndipo za zimenezo ndisakayike. Koma adawonjeza kuti ndikatuluka m'tchalitchimo paipi ija idzakhala ikudonthabe, ndipo bambo aja adzakhala alibe ntchito. Sadandikakamize kudziulula. Adangondikumbutsa za Zakeyo, pa mutu 19 wa Mthenga Wabwino wa Luka, amene atalandira Ambuye Yezu m'nyumba mwake adaganiza yekha zobwezera anthu amene adawadyera.

Pambuyo pake ndidapeza kuti chimenechi ndicho chiphunzitso cha Eklezia. Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa nambala 1459, amaphunzitsa kuti machimo ambiri amapweteka anzathu, ndipo tiyenera kuchita zimene tingathe pokonza zowonongekazo, monga kubweza zimene tidaba ndi kuyeretsa mbiri ya munthu amene tidamuipitsira. Chikhululukiro chimachotsa tchimo, koma sichikonza chokha zonse zimene tchimolo lasokoneza. Ku Tilitonse tidaphunzira kuti wolapa bwino amafufuza mumtima, amamva chisoni, amatsimikiza kuleka, amaulula, ndipo amalipira. Ine ndinkaganiza kuti kulipira ndi mapemphero amene timanena tikatuluka. Sindinkadziwa kuti nthawi zina kulipira kumafuna fosholo.

Lolemba m'mawa ndidapempha kulankhula ndi kapitawo pambali. Mawondo ankagundana. Ndidamuuza zonse, kuyambira piki mpaka mphira. Adandinyoza ndi mawu amene sindingawalembe pano, kenaka adandikweza m'galimoto mpaka ku nyumba ija. Ndidamulozera pa kapinga wobiriwira. Tidazula njerwa zosakwana 20, ndipo ndidakumba ndekha, ndi fosholo tsopano. Dothi lidali matope okhaokha. Mphira uja udali pomwepo, utamasuka, madzi akutuluka m'mbali mwake. Kapitawo adadula kachidutswa kong'alukako, naika china ndi zolumikizira ziwiri. Zipangizo zake zidali za mtengo wochepa kuposa chakudya changa cha masana. Adandidula malipiro a masabata awiri, ndipo dziwe limene tinkamanga litatha sadandiitanenso. Chimene ndinkachiopa chidandigwera ndithu, ndipo ndidakhala miyezi iwiri ndikuyendera maganyu a m'minda ya maluwa. Sindikufuna kukunamizani kuti kunena zoona kulibe mtengo.

Chovuta kuposa zonse chidali kupita kwa Madala. Ndidawapeza madzulo a tsiku lomwelo atakhala pa khomo la kachipinda kawo ka lendi. Kapitawo adali atawaimbira kale kuti abwerere mawa lake. Ndidagwada monga mwana agwadira bambo wake, n'kunena kuti, "Bambo, ndine ndidaswa paipi ija. Ndidakulakwirani." Adandisiya chogwada kwa nthawi yaitali. Kenaka adati, "Ntchito ya manja anga ndimaidziwa, ndipo ndimadziwa amene adakumba pamwamba pake. Ndinkadikira kuti ndione ngati ndidadya ndi munthu kapena ayi." Adandiuza mosabisa kuti mwezi umenewo sadatumize kanthu kwa mayi a kunyumba, ndipo lendi adachita kukongola. Pomaliza adati, "Mwanawe, ukadandiitana Lachisanu lomwe lija, ikadakhala ntchito ya mphindi 15, ndipo kapitawo sakadaiwerengera n'komwe. Dzuka, ukadye." Ndalama zimene adataya ndidawabwezera pang'onopang'ono kwa miyezi isanu. Adazilandira zonse, ndipo adachita bwino kutero.

Mawu awo aja a mphindi 15 ndiwo amene ndakhala nawo mpaka lero. Madzi akatayika saoleka: ndowa zonse zimene zidalowa m'nthaka kwa masabata amenewo sizidabwerere, ndipo masabata atatu a manyazi a bambo wosalakwa sindingathe kuwafafaniza. Zonsezo sizidabwere ndi piki. Zidabwera ndi mantha a mphindi zisanu.

Achinyamata anzanga, si ambiri a ife amene adzamange dziwe losambiramo, koma aliyense wa ife ali ndi fosholo yokwiririra. Wina adapatsidwa ndalama za gulu kuti asunge, adabwerekako pang'ono, ndipo tsopano amazemba misonkhano pamene anzake akukayikirana. Wina adalandira fizi n'kuitaya pa juga ya mpira, makolo akuganiza kuti sukulu ndiyo yakweza mtengo. Wina adayambitsa mphekesera pa foni, ndipo mtsikana amene adanenedwayo adaleka kubwera ku kwaya. Wina adapereka mimba n'kukana, mnzake akusenza yekha chitonzo cha anthu awiri. Pamwamba tayala njerwa zokongola: timavala bwino, timaimba, timawerenga Malembo pa guwa. Koma pansi pakudontha, ndipo kawirikawiri pali Madala wina amene akulipira.

Ngati mng'alu wanu ndi wa dzulo, itanani munthu lero, ntchito ikadali ya mphindi 15. Ngati ndi wa chaka chatha, musanene kuti nthawi idapita, pakuti tsiku lililonse likuwonjezera ndowa zina 32. Bambo Mfumu amamva kulapa, ndipo zimene mwanena m'menemo sizituluka. Pitani mukalandire chikhululukiro, kenaka mufunse Mzimu Woyera kuti akulozereni pamene pali kapinga wobiriwira, ndi kukupatsani mphamvu zozula njerwa.

Tisanafike Lamulungu likudzali, aliyense adzifunse mumtima mwake: kodi ndidakwirira chiyani, ndipo ndani amene akusenza mlandu wake m'malo mwanga? Kodi ndingachite chiyani sabata ino, ndi pakamwa kapena ndi manja anga, kuti ndimupeputse?

Tipemphere. Ambuye Yezu, Inu mumaona zimene zili pansi pa njerwa zathu, ndipo simutitaya. Tichotsereni mantha amene amatitseka pakamwa. Tipatseni mtima wovomera kulakwa kukadali kwakung'ono, ndi manja okonza zimene tawononga. Dalitsani onse amene avutika chifukwa cha kukhala chete kwathu, ndiponso abale athu amene akugwira ntchito kutali ndi kwawo. Amayi Maria, mutipempherere. Amen.